NAMONDWE AKADUTSA: TIDIKIRE BOMA KAPENA TIDZITHANDIZE TOKHA?

Mau Oyamba

Tsiku lina, patapita miyezi ingapo chichitikire ngozi ya namondwe wa Freddy, ndidapita kukayendera kalasi ina ya sukulu ya Kwacha m'boma lina la kumwera. Ndidapeza ophunzira ali pa mkangano. Mabuku anali chitsekere. Mphunzitsi wao adangoima pambali, choko chili m'manja.

Bambo wina wachikulire ankalankhula mokweza mau. "Boma ndilo kholo lathu," adatero. "Mwana akagwa m'matope, womudzutsa ndi kholo lake. Ife nyumba zidagwa, mbewu zidakokoloka, mbuzi zidapita ndi madzi. Tsono tiyambire pati? Tidikira boma basi."

Mai wina, mlamu wake wa bamboyo, sadachedwe kuyankha. "Ai alamu, musatero. Usiku uja madzi atalowa m'nyumba, adakuberekani kumsana ndani? Linali boma kodi? Si anyamata a m'mudzi momwe muno? Ife tikadati tidikire boma, bwenzi pano tonse tili kumanda."

Kenaka onse adatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, weruzani. Akunena zoona ndani?"

Inu amene mukuwerenga, mukadakhalapo mukadaweruza bwanji? Musafulumire kuyankha. Werengani phunziro lino pang'onopang'ono. Mukatopa lekezani pa mutu umodzi, mawa mudzapitirize. Kumapeto kuli mafunso oti mukambirane ndi anzanu.

1. Kodi Namondwe Nchiyani?

Namondwe ndi mphepo ya mkuntho yobwera ndi mvula yambiri. Amayambira pa nyanja yaikulu ya mchere, madzi ake akatentha kwambiri ndi dzuwa. Nthunzi imakwera kumwamba nkupanga mitambo. Mphepo imayamba kuzungulira ngati kamvulumvulu. Koma kamvulumvulu ameneyu ndi wamkulu zedi, wotha kuphimba maboma ambiri nthawi imodzi. Ku America amamutcha hurricane, ku Japan amamutcha typhoon, koma chinthu chake nchimodzi.

Namondwe amene amatifika ife amachokera ku nyanja ya India, nkudzera ku Mozambique. Nyengo yake ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Akafika pa mtunda mphepo yake imachepa mphamvu, koma mitambo yake imakhuthula mvula yoopsa. Mapiri monga a Mulanje, Michesi, Chiradzulu ndi Soche amatchinga mitamboyo. Motero mvula imagwa pa malo amodzi masiku angapo osakata. Nthaka ikakhuta madzi imagumuka, nkutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Izi ndi zimene makolo athu adazitcha napolo.

Ngozi zotere si zachilendo kwathu kuno. Napolo adaononga ku Zomba mu 1946. Mu Malichi 1991 adatsikanso m'mapiri a ku Phalombe, nkupha anthu mazanamazana. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'maboma 15. Mu Malichi 2019 kudabwera namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 kudabwera Ana, amene adaononga malo opangira magetsi ku Kapichira. Mu Malichi chaka chomwecho kudabwera Gombe. Mu Malichi 2023 kudabwera Freddy. Chido adatipeza mu Disembala 2024, ndipo Jude mu Malichi 2025.

Bwerezani kuwerenga zaka zimenezi. Mukuona chiyani? Kale pankapita zaka zambiri. Masiku ano zayandikana. Choncho funso la ophunzira aja si la macheza chabe. Lidzatipezanso.

2. Zimene Adachita Freddy

Freddy adayambira kutali, kufupi ndi dziko la Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Adaoloka nyanja yonse, nkuomba Madagascar ndi Mozambique. Kenaka adabwerera pa nyanja natenganso mphamvu. Pa 11 Malichi adalowanso m'Mozambique cha ku Quelimane. Adatha masiku 36 asanazimirire. Akatswiri a zanyengo a pa dziko lonse adati palibe namondwe wina wodziwika amene adakhalitsa chotere.

Kwathu kuno mvula idagwa usana ndi usiku. Mvula yoyenera kugwa miyezi ingapo idagwa m'masiku owerengeka. Ku Blantyre matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakokoloka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje idasiya njira zake nkudutsa m'midzi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Shire ndi Ruo zidasefukira.

Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kumwera chili pa ngozi. Pambuyo pake adalengeza masiku 14 akuti dziko lonse lilire maliro. Anthu oposa 600 adapezeka atafa. Ena oposa 500 sadapezeke konse. Oposa 600,000 adasowa pokhala, nkukaunjikana m'misasa yoposa 500. Misasa yambiri inali m'masukulu ndi m'matchalitchi.

3. Chifukwa Chiyani Thandizo Limachedwa?

Ambiri amene adali m'misasa amakumbukira njala ya masiku oyamba. Ena amati, "Boma lidatitaya." Tiyeni tiganize bwino tisanaweruze.

Choyamba, galimoto siuluka. Mlatho ukagwa, lole ya chimanga imaima tsidya lina. Misewu yambiri ya kumwera idaduka. Malo ena, monga ku Makhanga m'boma la Nsanje, kunkafikika pa boti kapena pa helikopita basi.

Chachiwiri, nayo helikopita siuluka mvula ndi nkhungu zikachuluka. Iyenera kudikira kuti kunja kuyere. Ndiponso dziko lathu lilibe ndege zambiri. Pa nthawi ya Freddy maiko anzathu, monga Tanzania ndi Zambia, adatumiza ndege zao kudzathandiza asilikali athu.

Chachitatu, magetsi akazima mafoni nawo amazima. A kwa DC sangadziwe msanga kuti mudzi wakutiwakuti uli pa mavuto.

Chachinai, ovutika amachuluka nthawi imodzi. Taganizirani mai wophika nsima ya anthu khumi, mwadzidzidzi alendo 100 afika pakhomo. Ngakhale akhale wa mtima wabwino, ena adzadya mochedwa.

Musaganize kuti izi zimachitika m'maiko osauka okha. Mu Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina adamiza mzinda wa New Orleans ku America, dziko lolemera kwambiri. Anthu oposa 1,000 adafa. Zikwi za anthu zidadikira masiku angapo pa bwalo lalikulu la masewera, madzi ndi chakudya zikuperewera. Ambiri adapulumutsidwa ndi anthu wamba amene adabwera ndi maboti ao. Kumenekonso boma limalangiza banja lililonse kusunga madzi ndi chakudya cha masiku angapo.

Sindikunena kuti kuchedwa konse nkosalakwa. Kwina kumabwera chifukwa cha kusakonzekera, kwina chifukwa cha chinyengo, ndipo zotere tiyenera kuzidzudzula. Koma ngakhale onse atagwira ntchito mokhulupirika, dziwani ichi: tsiku loyamba, lachiwiri ngakhale lachitatu, mwina simudzaona galimoto ya boma.

4. Masiku Oyamba ndi Athu

Apa mai uja adanena zoona. Ku Chilobwe amene adayamba kufukula anzao m'matope anali anansi, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Ku chigwa cha Shire eni mabwato ndiwo adatsitsa anthu m'mitengo ndi pa madenga. Aphunzitsi adatsekula makalasi. Mipingo ndi mizikiti idalandira anthu. Amai adasonkha ufa nkuphika phala la ana. Palibe adadikira kalata yochokera ku Lilongwe.

M'masiku oyambawa ntchito zathu zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndi kupulumutsa moyo. Thawirani ku mtunda msanga, kusanade. Musabwerere kukatenga mbuzi kapena wailesi. Musaoloke madzi othamanga, ngakhale aoneke olekeza m'maondo. Katundu amagulidwanso, koma moyo ulibe sitolo.

Yachiwiri ndi kusamala madzi akumwa. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime. Kumbukirani kuti Freddy adatipeza tili kale pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, kapena thirani kolorini monga momwe alangizi a zaumoyo adakuphunzitsirani. Kumbani chimbudzi tsiku loyamba lomwe, kutali ndi potunga madzi. Sambani m'manja ndi sopo. Sopo akasowa, phulusa lithandiza.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi. Ngati palibe, pangani nokha motere: lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Takasani bwino. Azimwa pafupipafupi pamene mukupita naye ku chipatala. Musagone naye pakhomo.

Yachitatu ndi kukumbukira ofooka. M'mudzi uliwonse muli okalamba, olumala, amai oyembekezera ndi odwala. Iwowa sangathamange. Boma silidziwa khomo lao, koma inu mumalidziwa. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

5. Zimene Sitingathe Patokha

Tsono kodi bambo uja adalakwa? Ai, nayenso adanena zoona. Pali katundu wina amene mudzi sungasenze, ngakhale anthu ake akhale olimbika chotani.

Mudzi sungamange mlatho wa pa Ruo. Sungagule helikopita. Sungadziwe kuti namondwe wayambika ku nyanja, makilomita zikwi zambiri kutali. Imeneyo ndi ntchito ya nthambi ya boma yoona zanyengo. Mudzi sungadyetse anthu 600,000. Sungapeze mankhwala a chipatala chonse. Boma ndi mabungwe atawerengera, adapeza kuti zimene Freddy adaononga zidaposa madola a ku America 500 miliyoni. Ndalama zotere sizisonkhedwa m'mbale pa bwalo la mfumu.

Nchifukwa chake boma lili ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene timaimva pa wailesi ndi dzina loti DoDMA. Lamulo loyamba la ntchito imeneyi lidakhazikitsidwa mu 1991, chaka cha napolo wa ku Phalombe. Mu 2023, Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano. Pansi pa nthambiyi pali makomiti: ya pa boma, ya kwa mfumu yaikulu, ndi ya m'midzi. Kodi inu mukuwadziwa a komiti ya kwanu?

Mvetsetsani mfundo iyi. Kulandira thandizo la boma si kupemphetsa. Mukagula sopo, chitenje kapena mayunitsi a foni, pa mtengopo pali msonkho. Mukagulitsa tomato pa msika mumadula chiphaso. Ndalama zimenezi ndi zimene boma limagwiritsa ntchito. Choncho thumba la chimanga lobwera pa nthawi ya ngozi si mphatso ya munthu kapena ya chipani. Musachite nalo manyazi, ndiponso musagwadire munthu chifukwa cha ilo. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndiponso tisamanyoze olandira thandizo kuti ndi aulesi. Gogo wolera adzukulu amasiye anai, nyumba yake itagwa, adzidalira bwanji? Kumuuza kuti adzithandize yekha ndi nkhanza.

6. Matenda a Kudikira

Komabe pali matenda ena amene amagwira anthu amphamvu zao. Ndi matenda a kudikira. Munthu amakhala pa msasa, madzi aphwa kale, koma iye maso ali ku msewu. Galimoto iliyonse ikamveka amadzuka. Khasu lachita dzimbiri.

Dziwani kuti thandizo la pa ngozi ndi la kanthawi. Thumba la makilogalamu 50 limatha. Tenti imang'ambika. Misasa imatsekedwa, chifukwa ana ayenera kubwerera m'makalasi ao. Mabungwe amapita kwina kumene kwagwa ngozi yatsopano. Wotsala ndinu, ndi banja lanu.

Nyengo nayo sidikira munthu. Madzi akaphwa amasiya chinyontho, ndipo malo ena amasiya dothi lachonde. Alimi a ku chigwa cha Shire amadziwa bwino zimenezi. Wobzala msanga m'dimba amathyola ndiwo zamasamba patangopita masabata ochepa. Chimanga chocha msanga chimadyedwa pakatha miyezi itatu kapena inai. Mbatata imakumbidwa pakatha miyezi inai kapena isanu. Koma wozengereza adzapeza nthaka itauma gwa. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Choncho pofotokoza zosowa zanu, musatchule ufa wokha. Tchulaninso mbewu, mbewu ya mbatata ndi chinangwa, makasu ndi makheni othirira. Ufa udzakudyetsani mwezi uno. Mbewu idzakudyetsani mpaka chaka cha mawa.

7. Phunziro la ku Bangladesh

Kuli dziko lina ku Asia lotchedwa Bangladesh. Ndi dziko la chigwa, la mitsinje yambiri, la anthu ambiri osauka. Namondwe amaliomba kawirikawiri. Mu Novembala 1970 namondwe mmodzi adapha anthu osachepera 300,000. Mu 1991 wina adapha oposa 130,000.

Anthu a kumeneko sadakangane kuti ntchito ndi ya yani. Adagawana. Boma ndi mabungwe adamanga nyumba zolimba zothawiramo, zokhala pa mizati yaitali. Masiku wamba nyumba zambiri zotere zimakhala sukulu. Boma lidakonzanso njira zodziwira namondwe akali kutali. Anthu a m'midzi nawo adapereka anthu odzipereka zikwizikwi, amuna ndi akazi. Chenjezo likamveka, iwowa amakweza mbendera, nkuyenda khomo ndi khomo ndi zimkuzamau. Amanyamula okalamba kupita nawo kothawira.

Zotsatira zake nzotani? Mu 2007 namondwe wamphamvu wa Sidr adapha anthu oposa 3,000. Mu 2020, pobwera namondwe wa Amphan, anthu oposa 2 miliyoni adasamutsidwa nthawi ikadalipo, ndipo amene adafa m'dzikomo sadafike 100.

Taonani. Nyumba yothawiramo ikadakhala yopanda ntchito pakadapanda wouza anthu kuti athawe. Wouza anthuyo akadalankhula pachabe pakadapanda kothawira. Mutu umodzi susenza denga.

8. Konzekani Mvula Isanayambe

Kudzidalira kwenikweni sikuyamba madzi atalowa m'nyumba. Kumayamba m'chilimwe. Nazi zina zimene mungachite, zambiri zosafuna ndalama.

(a) Khalani pansi ndi a mfumu ndi a komiti. Gwirizanani malo okwera othawirako, ndi njira yake. Mwana aliyense aidziwe.

(b) Gwirizanani chizindikiro: ng'oma, wezulo kapena belu la ku tchalitchi. Chikalira, aliyense adziwe kuti ndi nthawi yothawa.

(c) Lembani maina a okalamba, olumala ndi odwala. Pa dzina lililonse lembaninso dzina la munthu wamphamvu amene adzamutenge.

(d) Mverani wailesi nyengo ya dzinja. A zanyengo akachenjeza, uzani anzanu. Musanene kuti, "Amangotero chaka chilichonse."

(e) Ikani chitupa cha unzika, buku la ku chipatala, khadi la ku sikelo ndi makalata a sukulu m'pepala la pulasitiki, mumange bwino. Odwala amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, awaike pamodzi ndi mapepalawo.

(f) Sungani ufa pang'ono, nyemba, mchere, machesi ndi tochi pamalo okwera, posavuta kunyamula.

(g) Musagulitse chimanga chonse pokolola. Lowani banki m'khonde, kuti pa tsiku la tsoka mukhale ndi poyambira.

(h) Pomanga nyumba kwezani maziko. Denga litulukire kunja kuti mvula isamenye khoma. Mangani denga ku khoma ndi waya. Lambulani ngalande kuzungulira nyumba.

(i) M'munda limani mizere yopingasa, ndipo bzalani udzu wa vetiva. Lekani kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Bzalani mitengo ndi nsungwi m'magombe ndi m'mapiri. Phiri lometedwa siligwira madzi.

9. Polandira Thandizo

Apa ndi pamene kulemba ndi kuwerenga kwanu kudzagwire ntchito. Ngozi ikachitika, a boma amafuna chiwerengero. Mudzi umene wakonza kale ndandanda yake suchedwa kuthandizidwa ngati umene ukungoti, "Tavutika ambiri."

Tengani kope. Lembani tsiku. Lembani dzina la mwini banja, chiwerengero cha anthu a m'banjamo, ana osafika zaka zisanu, ndi zimene zaonongeka. Werengani ndandandayo mokweza pa gulu kuti aliyense amve. Kope limodzi lipite kwa a komiti, lina litsale m'mudzi.

Lembani zoona zokhazokha. Wolembetsa dzina la munthu amene kulibe akuba chakudya cha mnansi wake. Ndiponso bodza likagwidwa, mudzi wonse sukhulupiridwanso.

Katundu akafika, funsani kuti wabwera wochuluka bwanji, ndipo banja lililonse liyenera kulandira chiyani. Werengani matumba. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simudawerenge. Thandizo ndi laulere. Palibe woyenera kukulipiritsani kuti akulembeni. Palibe woyenera kufunsa mai kapena mtsikana kuti agone naye kuti alandire ufa. Umenewo ndi mlandu. Kanenezeni kwa a komiti, ku polisi kapena kwa DC. Mukaona kuti mudzi wanu waiwalidwa, lembani kalata, a mfumu asaine, ndipo anthu awiri kapena atatu akaipereke. Sungani kope lake.

10. Nkhani Yovuta: Kusamuka

Pali nkhani imodzi imene imautsa mkangano kuposa zonse. Boma limati, "Malo ano ngoopsa, samukani." Anthu amati, "Tipite kuti? Manda a makolo athu ali pano. Chonde chili pano." A m'tauni amati, "M'phiri muno ndi momwe tidapeza malo otsika mtengo."

Mau amenewa si opusa. Munthu sangasamukire pa thanthwe popanda munda ndi madzi. Kupeza malo abwino, kukumba mjigo, kumanga sukulu ndi chipatala ndi udindo wa boma, mogwirizana ndi mafumu. Muli ndi ufulu wofunsa mafunso awa: Kodi malowo ndi a yani? Adalipiridwa? Madzi ali kuti? Sukulu ili pa mtunda wotani? Tidzalima kuti?

Koma kumanganso nyumba pa njira yomwe napolo adadutsa ndi kuika ana pa msampha. Madzi saiwala khwawa. Mabanja ena a ku chigwa adapeza nzeru iyi: nyumba ku mtunda, munda ku dimba. Amalima kumunsi, koma amagona kumtunda, makamaka miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Kambiranani ngati nzeru imeneyi ingatheke kwanu.

Mau Omaliza

Tibwerere ku kalasi ija. Sindidaweruze mlandu wa alamu awiri aja. Ndidatenga choko nkujambula mzere pakati pa bolodi. Mbali ina ndidalemba kuti ZATHU, mbali ina ZA BOMA. Ophunzira ankabwera mmodzimmodzi kudzalemba. Mlatho udapita kwa boma. Chimbudzi chidabwera kwa ife. Mankhwala kwa boma. Kuwiritsa madzi kwa ife.

Titafika pa mpanda wotchinga madzi a mtsinje, mkangano udabukanso. Pomaliza bambo uja adati, "Aphunzitsi, lembani pakati penipeni. Simenti ndi akatswiri abweretse a boma. Miyala ndi mchenga tituta ndife. Koma akachedwa tikawakumbutsa."

Mlamu wake adaseka. "Lero ndiye mwalankhula, alamu. Kalata yake mulemba ndinu, poti dzanja lanu ndi labwino."

Inunso chitani chimodzimodzi kwanu. Zanu chitani lero, osadikira munthu. Za boma zifunseni poyera, mwaulemu, ndiponso molemba. Dzinja likubwera.

Mau Ofunika Kuwadziwa

Namondwe: mphepo ya mkuntho yozungulira, yochokera ku nyanja, yobwera ndi mvula yambiri.

Napolo: madzi, matope ndi miyala zotsika m'phiri mwamphamvu.

Msasa: malo amene anthu osowa pokhala amasungidwa kwa kanthawi.

Chenjezo: uthenga wodziwitsa anthu kuti ngozi ili pafupi.

Ndandanda: maina kapena zinthu zolembedwa motsatana.

Msonkho: ndalama zimene anthu amapereka ku boma kuti ligwirire ntchito zothandiza onse.

Mafunso

1. Kodi namondwe amayambira kuti? Nanga amatifika m'miyezi iti?

2. Tchulani zifukwa zitatu zimene thandizo limachedwera.

3. Fotokozani kapangidwe ka madzi a shuga ndi mchere opatsa wotsekula m'mimba.

4. Chifukwa chiyani kulandira thandizo la boma si kupemphetsa?

5. Ku Bangladesh, boma lidachita chiyani? Nanga anthu a m'midzi adachita chiyani?

6. Kodi kwanu kuli anthu amene sangathe kuthawa okha? Adzawatenga ndani?

7. Inu mukugwirizana ndi yani, bambo uja kapena mlamu wake? Perekani zifukwa.

Ntchito Yoti Muchite

1. Jambulani mzere pakati pa tsamba la kope lanu. Lembani ZATHU ndi ZA BOMA. Mbali iliyonse lembani zinthu zisanu zokhudza mudzi wanu.

2. Funsani a mfumu maina a anthu a m'komiti yoona za ngozi kwanu. Alembeni m'kope. Ngati komiti kulibe, kambiranani m'kalasi zoti muchite.

3. Banja lina lili ndi anthu 6. Munthu aliyense amafuna malita 3 a madzi akumwa pa tsiku. Kodi banjali lisunge malita angati a masiku atatu?

4. Jambulani mapu a mudzi wanu. Sonyezani mtsinje, malo otsika, malo okwera ndi njira yothawira. Kawaonetseni a m'banja mwanu madzulo ano.